Liwiro Locheza

Chaka chimene bambo anamwalira ndi chaka chimene ndinapalasa njinga kwambiri pamoyo wanga, koma osasuntha ngakhale phazi limodzi. Sindikunama. Njingayo inali m'chipinda changa ku Rathmines, kuno ku Ulaya, pakati pa bedi ndi sinki, tayala lakumbuyo litamangidwa pachitsulo choti lizingozungulira pomwepo. Kutsogolo kwanga kunali khoma lachuku. Ndinaliyang'ana khomalo kuyambira Novembala mpaka Febuluwale, moti lero mutandipatsa pensulo ndingakujambulireni mng'alu uliwonse.

Kalabu ya trayathuloni anandikokera ndi mnzanga wa kuntchito, kunyumba yosamalira okalamba ku Tallaght. Anati ndi masewera atatu motsatizana: usambire, upalase njinga, kenako uthamange. Ndinamufunsa kuti amakhala akukuthamangitsa ndani. Anati palibe. Ndinalembetsabe, popeza Lamulungu masana ndinalibe kopita.

Kukayamba kuzizira mipikisano imatha, koma anthuwo sapuma ayi. Kochi wathu, mayi wachiairishi wamfupi, wouma ngati chingwe cha sisalo, ankati dzinja lawoli ndi nthawi yomanga maziko. Chilichonse pang'onopang'ono. Aliyense avale wotchi yoyeza kugunda kwa mtima, ndipo mtimawo usadutse nambala imene iwo akuikira. Lolemba lililonse ankaona pafoni pawo mmene mtima wa aliyense wayendera sabata yonse. Ena olimba mtima ankakalowabe m'nyanja. Ine ndinapita kamodzi. Potuluka ndinaponda phazi la munthu, ndinapepesa kawiri, kenako ndinaona kuti phazilo ndi langa. Pali Mulungu.

Uthenga unandipeza kumapeto kwa Okutobala ndili pashifiti, ndikudyetsa phala gogo wina. Foni inanjenjemera m'thumba, ndinatulukira pakhonde. Anali achemwali anga, amene anatsala kusamalira bambo ku Dedza. Anangoti, “Atisiya.” Ndinati, “Chabwino.” Ndinabwerera, ndinamalizitsa phala lija, ndinawapukuta gogowo pakamwa. Mapepala anga sankandilola kupita kumudzi n'kubwereranso. Maliro anaika mawa lake.

Patapita masiku ndinatsegula foni kuona zimene wotchi inalemba tsiku limenelo. Ndinafufuza ola limene achemwali anaimba. Mzere wa kugunda kwa mtima unali wosalala ngati msewu watsopano. Sikisite-thu asanaimbe, sikisite-thu ataimba.

Achemwali anapitiriza kuimba. Foni ndinkaiika pa handulo ya njinga, ndiye ikamalira ndinkaiyang'ana ngati mmene ndinkayang'anira khoma, miyendo ikuzungulirabe. Sikuti ndinali nawo chifukwa. Ndinalibe mawu basi. Munthu amene sanaponyeko ngakhale dothi lodzaza dzanja anena chiyani kwa amene anasambitsa, anadyetsa, anatembenuza wodwala miyezi isanu ndi iwiri? Ine ndinkatembenuza makolo a eni. Mu Disembala analemba uthenga umodzi: “Ndatopa kuimba. Ukadzakumbuka kuti uli ndi mlongo udzaimbe wekha.” Foni sinalirenso.

Nthawi yonseyi kochi ankandiyamikira pagulu. Ankakweza foni yawo m'mwamba kuonetsa anzanga. “Onani mtima uwu. Sukwera, sutsika. Inu nonse mumathamangira zopanda pake, uyu yekha ndiye wamvetsa.” Anzanga ankandisisita paphewa. Wina anandifunsa kuti ndimadya chiyani.

Mu Januwale kochi anayamba kukayikira. Tinali titamaliza kusambira padziwe lam'nyumba ku Tallaght, tsitsi lawo likudontha madzi, anandiimitsa pakhomo.

“Wotchi yakoyo kapena yafa, kapena wafa ndiwe. Sabata ino usaidalire. Muyeso weniweni ndi pakamwa.”

“Pakamwa bwanji, akochi?”

“Upalase paliwiro loti ungathe kucheza, kumaliza mawu ako osabanika. Ola lathunthu. Ukabanika, wathamanga kwambiri.”

“Ndicheze ndi ndani?”

“Aliyense. Ulibe galu?”

Ndinalibe galu. Lachiwiri ndinacheza ndi khoma. Linandimvetsera bwino, koma patatha mphindi zisanu nkhani zinatha. Lachinayi ndinawerenga mokweza zonse zolembedwa pa katoni ya mkaka, kenako ndinatchula masiteshoni a sitima yamumzinda ya Luas kupita ndi kubwerera, kasanu ndi kawiri. Ndinakawauza kochi kuti ndakwanitsa.

“Kumeneko n'kuwerenga,” anatero. “Kucheza n'koti wina azikudula mawu.”

Loweruka cha m'ma fili koloko masana kunja kunali kutayamba kale kuda, mvula yawo yopanda mkokomo ikunyowetsa windo. Ndinakwera njinga, ndinapalasa mphindi khumi. Ndinayang'ana mayina m'foni. Mnzanga wa kuntchito anali pashifiti. Ena onse anali a bwana, a landilodi ndi a dokotala wa mano. Ndinadina la achemwali. Ndisakunamizeni kuti mtima unandituma. Ndinkatsatira malangizo a kochi.

“Ndani?”

“Ndine, achemwali.”

“Ine ndani? Ndinali ndi mlongo ku Ulaya, koma anamwalira tsiku limodzi ndi bambo. Kungoti mtembo sunabwere.”

Miyendo inkazungulirabe.

“Chikulira chiyani kumeneko? Uli kuchigayo?”

“Ndikupalasa njinga.”

“Ukupita kuti?”

“Kulibe. Ndili m'chipinda. Njingayo ndi yomanga.”

Ndinamva mbuzi ikulira kumbuyo kwawo.

“Bambo anapalasa njinga yonyamula mbatata zaka zonse zija kuti iwe uphunzire usadzapalase njinga. Wakwera ndege, wakafika, wagula njinga. Yosayendanso.”

“Ndi masewera.”

“Eya, sewera.”

Ndinaganiza kuti adula. Sanadule. Anayamba kufotokoza ngati akuwerenga kalata ya wina. Kuti sabata yomaliza bambo ankakana phala koma ankalandira tiyi. Kuti bokosi linachedwa chifukwa galimoto inatitimira pamlatho. Kuti azakhali analira mokweza kuposa aliyense, kenako anapempha wailesi. Kuti njinga ya bamboyo idakali m'khitchini, tcheni chachita dzimbiri, palibe woikwera. Kuti Lachitatu lomaliza bambo anafunsa ngati kunoko kwayamba kuzizira, komanso ngati ine mwana wawo ndili ndi juzi.

Wotchi ndinali nditavalabe, mwachizolowezi. Inayamba kulira kuti ndadutsa nambala. Inali isanalirepo chiigulireni, moti poyamba ndinayesa ndi alamu ya moto.

“Ukumva?” anafunsa achemwali.

“Ndikumva. Juziyo ndili…”

Mawuwo sanafike kumapeto. Ndinayesanso, anathera pomwepo. Liwiro linali lomwe lija, sindinawonjezere ngakhale pang'ono.

“Usavutike,” anatero. “Ndikukazinga nsinjiro, zipserera. Loweruka uimbenso. Ukapanda kuimba, nambala yako ndifufuta, ndipo sindikuopseza.”

Lolemba kochi anandionetsa foni yawo. Mzere wanga wosalala uja unali ndi phiri limodzi lofiira, lalitali ngati la Dedza, ndikulumbira.

“Apa unkatani? Wawononga ola lonse.”

“Ndinkacheza.”

“Ndiye uchepetse liwiro mpaka uzimaliza mawu.”

Loweruka lotsatira ndinaika giya yopepukitsitsa, ndinaika foni pa handulo, ndinadikira fili koloko.