Mbusa wa Yisiti

Mng'ono wanga anabadwa wokonda zowola. Ana anzake akamasewera panja, iye ankakhala kunsi kwa bedi kuyang'anitsitsa buledi wochita nkhungu amene anabisa m'botolo. Amayi akamutayira, ankalira ngati wafedwa. Ine ndinkagona naye chipinda chimodzi, ndiye fungo lonselo linkathera m'mphuno mwanga.

Atasankhidwa kukaphunzira bayokemisitiri ku yunivesite, bambo athu, mkulu wa mpingo wosalawa ngakhale dontho la mowa, anayesa kutchula dzinalo koma lilime linakana. Anangodula nkhani: "Ndi udokotala basi." Kuyambira pamenepo mtsikana anasanduka Adokotala. Akabwera ku holide, azakhali ankamuonetsa zotupa, aneba ankabwera ndi mawondo awo. Iye ankayesetsa kufotokoza kuti amaphunzira zochitika m'kati mwa zamoyo, mmene chakudya chimasandukira mphamvu, mmene shuga amayendera m'magazi. Azakhali ankagwedeza mutu mwaulemu n'kufunsa kuti amwe mapiritsi angati.

Atamaliza maphunziro, anzake anabalalika. Wina anakayamba kuyeza magazi kuchipatala, wina kufakitale ya mankhwala, wina kuyeza mbewu, wina anagwira choko n'kumaphunzitsa sayansi. Adokotala athu anatsala pakhomo. Ankandithandiza mu saluni yanga, ngati kumeneko n'kuthandiza, chifukwa ankawerengera makasitomala zonse zili m'mankhwala owongolera tsitsi mpaka ena anaganiza zongometa mpala.

Kenako ntchito inapezeka, koma kufakitale ya mowa. Anabwerako kumaso kukuwala.

"Asisi, ndizikasamala yisiti mu labu," anandiuza. "Ndi tizamoyo ting'onoting'ono, timadya shuga n'kutulutsa mowa. Tikazizidwa timanyanyala, tikadwala mowa wonse umasasa!"

"Ndiye ukawauza bwanji abambo?" ndinamufunsa. Kuwala kuja kunazima.

Kwathu mwana aliyense akamayamba ntchito, bambo amamuika dzanja pamutu n'kumupempherera m'mawa wa tsikulo. Anatero kwa ine potsegula saluni, anatero kwa achimwene atayamba kuyendetsa minibasi. Mng'ono wangayo, ndi sayansi yake yonse, dzanja limenelo ankalifuna kuposa china chilichonse. Bambo atamva za fakitaleyo sanakalipe. Anangotenga keni kukathirira maluwa amene anali atathirira kale, ndipo panapita masiku osamulankhula.

"Akapanda kundipempherera sindipita," anatero mng'ono wanga tsiku lina ndikumuluka tsitsi.

Ine mtima wanga ndi wapachala. Ndinasiya mutu uli theka n'kukawapeza bambo pakhonde.

"Ababa, mwana wanu sakukamwa mowa ayi. Akukaweta tizilombo. Ndi mbusa ameneyu, ngati abusa athu omwewa."

"Nkhosa zanji zogwetsa amuna a eni m'ngalande?" anayankha osandiyang'ana.

Ndinabwerera kukamaliza mutu uja, ndikumukoka tsitsi kuposa mmene zinafunikira.

M'mawa wa tsiku loyamba ntchito mng'ono wanga anaima pabalaza, gawuni loyera la mu labu ali atalipinda pamkono, chikwama paphewa. Bambo anali pampando wawo akupolisha nsapato imodzi yomweyo imene inali itawala kale. Amayi anayamba kukonza makatani osasokonekera. Panja achimwene, amene analonjeza kumuperekeza, ankaliza hutala mosaleza mtima.

Mng'ono wanga anadikira. Kenako anatsitsa chikwama n'kuchiika pansi, gawuni pamwamba pake, n'kuyamba kuvula nsapato. Ndinamumvera chisoni mpaka ndinayang'ana kumbali.

Bambo anaika burashi patebulo. Anapukuta manja pathalauza, anadzuka pang'onopang'ono, n'kuika dzanja lonunkha polishi pamutu umene ndinavutika nawo kuluka.

"Ambuye," anayamba, "kumene akupita mwanayu Inu mukukudziwa, ine sinditchula. Kumeneko sindikukukonda, ndipo Inu sindingakunamizeni. Koma mwanayu ndi wanga, sangapite yekha. Ine sindingaloweko. Inu lowani naye."

Tonse tinati ameni, amayi mokweza kuposa onse. Mng'ono wanga anangoima, nsapato imodzi kuphazi, misozi ili mbwembwembwe. Bambo anabwerera pampando, anatola burashi yawo, n'kulankhula akuyang'ana nsapato.

"Vala uzipita, mwana wanga. Ngakhale kumeneko kuchedwa ndi tchimo."