Zidutswa za a Morris

Bambo anga, a Yona Namakhwa, anaonetsa kanema kwa zaka makumi awiri ndi zinayi m'bayisikopo ya a Sattar ku Limbe, ndipo ife ana awo tikulangidwa nazo mpaka lero. Simungaonere nawo filimu mwamtendere. Mumva kuti kuwala kwalakwika, mawu achedwa, osewerawo akungozungulira ngati anthu ofuna chimbudzi. Bayisikopoyo inatsekedwa matipate atangoyamba, anthu atathamangira kumavidiyo, ndipo pano muli matumba a mchere ndi makatoni a sopo. Ena akapuma ntchito amapatsidwa njinga. Ife tinalandira makina akale oonetsera kanema ndi zitini zisanu ndi ziwiri za mafilimu, zimene zinadya theka la chipinda changa ku Naperi. Kuika kapu pamwamba pa makinawo unali mlandu waukulu.

Nkhani ina imene inatigonthetsa m'khutu inali ya mnzawo, a Morris Likoswe. Mkati mwa sabata a Morris anali kalaliki, Loweruka anali wazisudzo, ndipo anaseketsa anthu m'maholo a m'tauni muno kwa zaka makumi atatu. Pa kanema anaoneka kamodzi kokha, m'filimu ina imene azungu anadzajambula ku Mandala. Anali mesenjala. Amatsegula chitseko cha ofesi, kuvula chipewa mwaulemu pamaso pa bwana, mandasi atatu n'kugwa m'chipewamo, iwo n'kumatola limodzilimodzi osasiya kupereka moni. Zonsezi sizinakwane mphindi ziwiri, koma kunyumba kwathu zinkafotokozedwa kwa maola awiri, Bambo akuwerama ndi kutola mandasi osaoneka pansi pa tebulo.

A Morris anamwalira m'chaka cha 2003. Patatha chaka, kukonzekera zovundukula chiliza kuli mkati, mkazi wawo mayi Magdalene anabwera kwathu. Ananena kuti filimu ija iwo sanaionepo. Masiku amenewo mayi wa Mvano sankaoneka pakhomo la bayisikopo, ndipo pamene maganizo amenewo ankatha, bayisikopo inali itatha kale.

“Alamu,” anatero kwa Bambo, “chithunzi chawo ndili nacho, koma changoima. Ndikufuna ndiwaone akuyenda, kamodzi kokha.”

Bambo anadzigunda pachifuwa. Filimuyo inalipo, makina analipo, ndipo mwini ntchito anali asanafe.

Ine ndinapempha chinthu chimodzi chokha. “Ababa, tiyeni tiyambe taiyesa kuno.”

“Cathy, filimu yakale siyesedwa ngati batire. Imaperepeseka nthawi iliyonse ikadutsa m'makina.”

Ndinawapempha Lolemba, ndinawapempha Lachitatu. Lachisanu anandiuza kuti ndinabadwa iwo ali kale pantchitoyo. Ndinangoti chabwino, mawu a akulu akoma akagonera, ngakhale mumtima ndinkadziwa kuti ena akagonera amasasa.

Loweruka ndine ndinakafuna galimoto ya matola, ndine ndinanyamula chichitsulocho mpaka chinandisupula chala, iwo akungolamula kuti tisachipendeketse. Titabwerako kumanda, achibale anadzaza pabalaza pa mayi Magdalene ku Kanjedza. Inali 2 koloko masana, ndiye tinatchinga mazenera ndi mabulangete, n'kupachika nsalu yoyera pakhoma. M'nyumbamo munatentha ngati mu uvuni. Bambo anavala tayi, ndipo asanayatse makina analankhula kwa theka la ola za mizere ya anthu imene inkafika mpaka kusiteshoni ya sitima, za mtedza wokazinga wa pakhomo, ndi za momwe anthu a masiku ano sadziwa kukhala chete pamaso pa kanema. Mayi Magdalene anakhala kutsogolo, manja ali pamiyendo.

Makina analira, ndipo ndivomere, chithunzi chinatuluka. Tinaona msewu wa ku Mandala mitengo idakali yambiri. Tinaona azungu akukambirana zimene sitinazimve. Kenako panaoneka ofesi, bwana ali padesiki.

“Ndi pamenepa, alamu,” anatero Bambo. “Yang'anani chitsekocho.”

Chitseko chinatseguka. Chithunzi chinadumpha. Chitseko chinatsekeka, bwana uja akupukusa mutu. A Morris sanalowe, sanatuluke, ngakhale nsapato yawo sitinaione.

Bambo anathimitsa makina. Ine manyazi anandigwira mpaka ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

“Ali kuti?” anafunsa mayi Magdalene.

Bambo anayamba kufotokoza, maso ali pansi. A Morris akangotola mandasi aja, anthu ankakuwa kuti, “Bwezani! Bwezani!” uku akumenya mipando. A Sattar ankaletsa, koma Bambo ankaimitsa makina n'kubweza, chifukwa anali mnzawo. Filimu ikaima pamaso pa getsi lotentha lija imapsa. Ikapsa, woonetsa amadula malo opsawo ndi lumo n'kumata mbali ziwirizo. Lero kachidutswa, mawa kachidutswa, kwa zaka zonsezo.

“Ndimayesa patsalako pang'ono,” anatero.

Kenako anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kachitini ka masiwiti, n'kunena kuti zimene ankadulazo anasunga momwemo. Apa ndiye mtima wanga unaphulika.

“Ababa! Ndiye kuti mumadziwa! Mwandinyamulitsa chichitsulo chonsechi, mwakhazika anthu m'mabulangete, zidutswazo zili m'thumba mwanu?”

“Cathy, usakweze mawu pakhomo pa eni.”

Mayi Magdalene sanatiyang'ane n'komwe. Analandira kachitiniko, n'kupita pazenera, n'kukankhira bulangete pambali. Munali tizidutswa tambirimbiri, tina takuda m'mphepete, tina tobooka pakati. Anatenga kamodzi n'kukakweza padzuwa. Ndinasuzumira paphewa pawo. A Morris anali momwemo, aang'ono ngati chikhadabo, chipewa chili m'manja, pakamwa pali yasa. M'kachidutswa kena anali atawerama. M'kena munangotsala mwendo.

Anayang'ana nthawi yaitali, akusinthasintha tizidutswato, ngati munthu wosankha mpunga.

“Ndiye anthu ankasekadi?” anafunsa, osatembenuka.

“Alamu,” anatero Bambo, “kwathu kuli zitini zisanu ndi ziwiri. M'zinazo muli akatswiri a ku Amereka ndi a ku Indiya, ndipo onse ali athunthu, palibe amene ndinamudulapo. Amene anatha ndi a Morris okha.”

Mayi Magdalene anasankha kachidutswa ka chipewa kaja, n'kukamanga pansonga ya chitenje, mfundo ziwiri. Kachitiniko anakapereka kwa achibale kuti kayende, ndipo anthu anayamba kulimbirana pazenera, aliyense atatsinzina diso limodzi.

Pobwerera ndine ndinanyamulanso makinawo. Ndinali ndisanawakhululukire, ndipo mpaka pano sindinawakhululukire kwenikweni. Titafika ku Naperi, galimoto isanaime n'komwe, Bambo anali atayamba kale kundiuza kuti nsalu ija ndinaipachika mopendekera.