Mfumu ya Agogo Pakona

Ndikamva fungo la madzi otentha a pa Chinyunyu, lija longa dzira lovunda, ndimaona agogo anga aamuna atakhala pansi pa mtengo wa mango, bolodi ya chesi ili pampando, utsi wa owotcha chimanga m'mbali mwa msewu ukutiyabwa m'maso, malole a ku Chipata akubangula pachitunda. Anali mphunzitsi wopuma pantchito, ndipo m'mudzi monse ndi iwo okha amene anali ndi reting'i, nambala yosonyeza mphamvu ya wosewera m'mipikisano. Ankainyadira kuposa mbuzi zawo. Ine ndinkatsuka mbale mothamanga kuti ndikagonje kwa iwo, mpaka nanenso ndinapeza nambala yanga.

Ndili giredi naini, kunachitika mpikisano pa boma ku Rufunsa, wa ana ndi akulu omwe. Mtsikana woposa atsikana anzake ankapita kukasewera ku Lusaka, kumene ine ndinali ndisanapondeko. Ndinkafunika kupambana masewera omaliza basi. Pondipatsa wosewera naye, anali agogo.

"Agogo, munimvereko chifundo," ndinanong'ona.

"Pano palibe agogo, mama. Pali zoyera na zakuda."

Tinalimbana mpaka dzuwa kupendeka. Kwa nthawi yoyamba ndinawadyera zonse, n'kutsala mfumu yawo yokha pakona, ine ndili ndi kwini, msilikali wamphamvu kuposa onse pabolodi. Mtima unali utakwera kale basi ya ku Lusaka. Ndinasendeza kwini pafupi nayo osayang'anitsitsa. Agogo anavula magalasi pang'onopang'ono.

"Mfumu yanga siili pa cheki, koma ilibe koyenda. Ni dro."

Malamulo amatero: mfumu ikasowa koyenda koma isakuopsezedwa pamene ilipo, palibe wopambana. Ku Lusaka kunapita mtsikana wa ku Shikabeta.

Ndinalira m'minibasi njira yonse. "Sembe munangogonja kale!" ndinawakalipira.

"Sembe wayenda na bodza," anatero, maso ali pawindo.

Sabata yathunthu sindinawalankhule, ngakhale madzi osamba ndinkangowaikira kubafa n'kuchoka. Ndimachita nazo manyazi mpaka lero.

Chaka chotsatira agogo anamwalira, ndisanawagonjetsepo ngakhale kamodzi. Posesa m'chipinda mwawo, amayi anatulutsa pansi pa bedi chikwama chatsopano cha buluu, chikadali m'pulasitiki.

"Anakugulira mpikisano uja ukalibe kuyamba," anatero. "Anali kukamba kuti uzapita ndithu."

Zipi yake inafa kalekale, ndimachita kumanga ndi chingwe. Koma mpikisano uliwonse umene ndimapitako, bolodi yanga imayenda m'chikwama chimenecho.