Mmene tinapitira ku Ulaya wa a Simfukwe

Ndikukumbukira chaka chimene ine, Lusekelo ndi Ambele tinapita ku Ulaya. Musaseke, madala anzanga a madazi inu. Ndikudziwa kuti mukandiona pamsika pa Chitipa ndikukangana ndi ogulitsa fodya wamphuno mumati mkulu uyu ngakhale ku Karonga sanafikeko. Nyanja ndinaoloka ine, yamchere, inu mukuthawa katemera m'tchire.

Tinali ana a ku Misuku, kumene nkhungu imachedwa kudzuka kuposa mlesi. Sukulu ndinafika Sitandade 4, ndipo kalasi imeneyo ndinaikonda kwambiri moti ndinakhalitsamo ndithu. Lusekelo ndiye anali wamutu, Chingerezi chake ngakhale mbuzi zinkaima n'kumvetsera. Ambele anali wamng'ono pa tonse, wa maso aakulu, wosachedwa kulira, koma kulikonse kumene tapita ankatilondola.

Inali nthawi ya chipani chimodzi. Akuluakulu ena anali atayambana ndi mwini dziko n'kuthawira ku Tanzania, ndipo mtsinje wa Songwe, umene makolo athu ankaoloka pokagula mchere ndi pokafunsira mbeta, unasanduka mpanda. Wopita tsidya ankatchedwa chigawenga. Ife ana tinkazimva zimenezi monga mmene umamvera ziphaliwali za mvula ya kwa eni.

Tsiku lina tikuthyola khofi m'munda wa adada kunabwera a Simfukwe, munthu wa jekete labuluu amene ankagula khofi mobisa n'kukagulitsa tsidya. Anatiyang'ana, napukusa mutu ngati akumva chisoni.

"Anyamata anzeru ngati inu mukutha zala ndi khofi? Kutsidya kwa nyanja kuli sukulu yaulere. Mpunga tsiku lililonse, nsapato aliyense zake."

"Ku Ulaya, adada?" anafunsa Lusekelo.

"Nanga kutsidya kwa nyanja kuli kutinso, mwana iwe?"

Ambele anafunsa za kubwerako. Iwo anati Khirisimasi ikubwerayo tidzadyera kwathu titavala matayi, koma tisauze munthu, chifukwa makolo ansanje angadzaze malo ndi ana awo.

Tinanyamuka m'mawa wa tsiku la msika. Amama anali pakhonde akupeta mawere, akuimba nyimbo ya kutchalitchi. Iwo mtima ukangokhala bwino pakamwa sipankatseka, ankaimba mpaka oyandikana nawo kudziwa kuti kwa a Tusekile kwagwa zabwino. Tusekile ndi mlongo wanga wamkulu, ndiye amama ankaitanidwa ndi dzina lake. Ndinawauza kuti ndikukathandiza kunyamula katundu. Anati ndibwere msanga, mbuzi sizinadye. Ndinati yewo amama, ndikuseka chamumtima poganiza mmene adzalulutire akadzandiona mu tayi.

Aliyense anasenza thumba la khofi wa a Simfukwe, iwo ali patsogolo. Tinatsetsereka m'tinjira toterera ta dothi lofiira mpaka pa ulalo wa nsungwi umene unkagwedezeka ngati dzino lofuna kuguluka. Madzi a Songwe anali a matope, akukokoma pansi pathu. Ambele anaoloka chokwawa, thumba lake ndinam'nyamulira ndine. Tsidya lija tinakwera lole. Fumbi la msewu umenewo linatilowa m'mano, m'makutu, ndi kwina kumene sindingalembe pano poti zidzukulu zanga zimawerenga.

Ku Dar es Salaam tinaona nyanja. Ambele anatunga madzi m'manja, nalawa, nalavula, n'kufunsa kuti ndani wawononga mchere wonsewu pamene kwathu amama amauyeza ndi kasupuni. Anatikweza sitima ya pamadzi yonunkha mafuta ndi nsomba zouma. Ine ndinasanza zonse zimene ndinadya chibadwire. Lusekelo yekha anaima chilili atagwira chitsulo, akuyeserera moni wa Chingerezi woti akapereke kwa mzungu woyamba. Ankatiuzanso kuti tikonzeke, chifukwa ku Ulaya kumazizira mpaka madzi kuuma gwa, anaziona pachitini cha mabisiketi.

Titatsika, dzuwa linali loti ungakazinge chimanga pamwala. Mzungu panalibe. Panali anthu akuda ngati ife, ovala mikanjo yoyera ndi tizipewa topanda mlomo. Lusekelo sanataye mtima. Anawongola malaya, napita kwa bambo wina wamimba, nam'patsa moni wake uja wonse mpaka kumapeto. Bamboyo anangom'gwira mkono n'kuufinyafinya monga amachitira wogula mbuzi, kenako anagwedezera mutu a Simfukwe.

Ulaya wathu anali chilumba cha Pemba, ndipo sukulu yake inali mitengo ya karafuu, timaluwa tonunkhira tija amathira mu tiyi ndi mu mpunga. Tinkakwera mitengo yaitali, dengu pakhosi, kuthyola timaluwato, madzulo n'kumatiyanika pamphasa. Fungo lake linalowa m'khungu, mpaka lero ndikalimva m'sitolo ndimatuluka osagula kanthu. Mpunga unalipo ndithu, pamenepo pokha mkulu uja sananame. Tinkalimbitsana mtima kuti Khirisimasi siili patali. Ambele ankati tayi alibe nayo ntchito, angofuna akaone amayi ake basi.

Khirisimasi itayandikira, a Simfukwe anatulukira ndi anyamata ena atsopano a ku Ifumbo, kwathu ku Chitipa konko. Tinawathamangira, tinthu tathu titamanga kale m'nsalu. Anakhala pachitsa, navula jekete.

"Mukupita kuti? Inu kwanu munafa."

Ndinaseka, poti kuseka ndi matenda anga. Iwo sanaseke. Anati titangosowa, anyamata a chipani anafika m'mudzi ndi zibonga kudzafunsa kuti ana atatu ali kuti. Banja limene mwana wake wapita ku Tanzania linkatengedwa kuti likudyetsa zigawenga: nyumba kuitentha, bambo kum'kweza galimoto ya boma, osabwerako. Ndiye adada athu atatu anapangana. Ananena kuti tinkawedza ku Songwe, madzi n'kutitenga. Kwathu munthu akafa mtembo osapezeka, amadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'nsalu, n'kuliika m'manda m'malo mwake. Anadula atatu. Abusa anapemphera, anthu anameta.

"Mukabwerera, ndiye kuti abambo anu ananamiza boma," anatero a Simfukwe. "Sankhani nokha."

"Koma amama akudziwa kuti tili moyo?" anafunsa Ambele.

"Azimayi sanauzidwe. Pamaliro panali a chipani akuyang'ana nkhope za anthu. Kulira kunayenera kukhala kwenikweni." Ananditembenukira ine. "Makamaka amayi ako iwe. Akanadziwa, m'mawa mwake akanayamba kuimba."

Pamenepo nthabwala zinandithera. Tinamasula nsalu zathu, tinabwerera kumitengo. Lusekelo sanayankhulenso Chingerezi, pambuyo pake anakwatira komweko, natenga dzina lina. Ambele anasiya kulira, chimene chinandiopsa kuposa kulira kwake. Malungo atam'gwira m'nyengo ya mvula yotsatira sanalimbane nawo n'komwe. Tinam'kwirira mumchenga kuseri kwa munda, ine ndi Lusekelo, popanda nyimbo. Iyeyo ndiye munthu amene ndikum'dziwa woikidwa kawiri.

Ine ndinakhala wakufa zaka zambiri. Ndinanyamula matumba padoko, ndinakazinga chinangwa m'misewu ya mumzinda wa Tanga, ndikaona munthu wa kwathu ndinkatembenuza nkhope. Zipani zitachuluka m'Malawi ndi pamene ndinaoloka Songwe, imvi zitayamba. Tusekile atandiona pabwalo anakuwa, natapa dothi n'kundiwaza kumaso kuti aone ngati ndizimiririka. Sindinazimiririke, ndinangoyetsemula.

Adada anali atamwalira. Amama anatsogola kalekale, patangopita zaka zochepa ine nditachoka. Mlongo wanga anati adada ankangoti adzawauza amama zoona zinthu zikakhala bwino, chaka chamawa, chaka chinacho, ndipo zinthu sizinakhale bwino msanga. Ananditengera kumanda kuseri kwa phiri. Panali mitumbira iwiri yogundana, wina waung'ono.

"Amama anapempha okha," anatero Tusekile. "Anati mudzandiike pafupi ndi mwana wanga, amaopa kugona yekha."

Masiku ano zidzukulu zanga zimapita ku Joni, wina anafika mpaka ku Dubai. Asanatsike n'komwe ndege amakhala ataimba kale foni, nkhope ili pagalasi, kuonetsa amayi awo mpando umene anakhalapo ndi chakudya chimene anasiya. Pa Songwe anthu akuoloka masana ndi njinga zamoto, atanyamula shuga, wowafunsa palibe. Ana amenewa ndikawauza zanga amati agogo mwayambanso bodza lanu, ndipo sindiwadzudzula, poti mabodza ndawauza ambiri.

Koma ichi chokha ndawauza ndilibe fodya m'mphuno, ndipo inunso madala mukhale mboni. Tsiku langa likafika asavutike kufuna malo. Akumbe pa kamtumbira kaja, achotse chimene chatsala cha nthochi ija, aikemo ine. Amama adikira nthawi yaitali pafupi ndi munthu wolakwika.