Masiketi awiri a mlendo wanga

Ine kusoka ndimadziwa, ndipo sindikunena mongodzitama. Asisitere a kumishoni kwathu ku Dedza ankatimasulitsa msoko katatu mpaka uwongoke ngati mzere wa m'kope. Chovala chomwe ndasoka ine chimang'ambikira pena, osati pamsoko. Luso limeneli ndi lomwe ndinalakwira nalo mwana wa eni, chilimwe china chapakati pa zaka za m'ma 1990, ndili kutsidya la nyanja, m'dera lotchedwa Etobicoke.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba. Ndinkakhala ndi mwana wanga wamkazi wa zaka khumi ndi zinayi m'fulati ya m'mwamba, pomwe ndege zokatera pabwalo lapafupi zinkatidula mawu pakamwa. Lamulungu lina kutchalitchi analengeza kuti kukubwera mpikisano wa tenisi, ndipo atsikana ena ochokera kutali akusowa pogona. Ndinakweza mkono ndisanaganize n'komwe. Mwana wanga anasamukira m'chipinda changa akung'ung'udza m'Chingelezi.

Mlendoyo anali wa ku Belarus, dziko lomwe ndinali ndisanalimvepo. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, wamtali, mkono wamanja wonenepa kuposa wamanzere. Anafika ndi chikwama chimodzi ndi malaketi atatu omenyera mpira. Chingelezi chake chinali cha apo ndi apo, koma mawu akuti Mama anawagwira tsiku loyamba lomwelo, ndipo ine mtima unasungunuka.

Patebulo anatifotokozera, theka ndi pakamwa theka ndi manja, kuti mphunzitsi wake kwawo anamupatsa chilimwe chimenechi chokha. Akapambana masewero awiri oyambirira, alowa mumpikisano waukulu ndipo apitiriza. Akagonja, malo ake kusukulu ya masewero apatsidwa kwa mtsikana wina wamng'ono. Anati wakhala akumenya mpira kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ntchito ina saidziwa. Sewero loyamba anapambana ine ndili kuntchito. Lachiwiri linali Loweruka m'mawa.

Lachisanu sindinali pantchito. Iye anapita kokonzekera atavala kabudula wakale, ine n'kutenga zovala zake kukachapa. Ndipamene ndinawaona masiketi ake awiri oyera. Ndinatambasula imodzi n'kuiyeza pathupi langa, ndipo ndinayang'ana kumbuyo ngati pali wondiona. Inali kansalu kosakwana n'kupukutira mbale.

Mundimvetse. Ine ndinakulira nthawi ya chipani chimodzi, pomwe siketi yosabisa mawondo inali mlandu. Ndinaonapo mkazi akumutsitsa m'basi chifukwa cha bondo. Lamulolo linali litangotha kumene kwathuko, koma mwa ine linali lisanathe. Tenisi ndinali ndisanaionerepo ndi maso angawa. Ndiye mutu wanga unandiuza kuti mwanayu ndi wosauka, masiketiwa anamugulira ali wamng'ono, wakula nawo, ndipo akuchita manyazi kunena. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndinadziuza choncho. Ndinatenga yunifolomu yanga yakale ya kuntchito, yoyera, ya nsalu yolimba yosatamuka, n'kudula nsanza ziwiri zotambalala kuposa chikhatho. Masana onsewo ndinakhala pawindo ndikulumikiza, ndikuimba nyimbo za kwaya. Ndinasoka mobwereza, msoko wa asisitere uja.

Mwana wanga atabwera n'kuona, anagwira pakamwa.

"Mum, mwapanga chiyani? She can't run in that!"

"Khala chete iwe. Za ulemu ukuzidziwa iwe, wovala mathalauza ong'ambika dala?"

"Did you even ask her?"

"Mphatso safunsa. Ukamuuza ndisanamupatse, uona."

Anakweza mapewa n'kulowa kuchipinda. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma tsiku limenelo mwambiwu sunandifike m'mutu.

Loweruka m'mawa ndinawasita masiketiwo n'kukamupatsa mlendo wanga ndi manja awiri, mano onse pamtunda. Anawatambasula. Anayang'ana siketi, n'kuyang'ana ine, nkhope yake n'kufiira mpaka m'makutu. Ine ndinayesa kuti wagwidwa ndi chisangalalo.

"Tsopano ndiwe mtsikana weniweni," ndinatero m'Chichewa, ndikumusisita paphewa.

"Thank you, Mama," anayankha motsitsa mawu, n'kulowa kubafa ndi masiketi onse awiri.

Anakhalitsa m'menemo. Ndinagogoda kawiri kuti basi itisiya. Anatuluka atavala imodzi, ikumufika pamawondo penipeni, ndipo ine ndinaomba m'manja.

Titafika kubwalo ndinaona atsikana ena osewera. Onse, olemera ndi osauka omwe, anali m'timasiketi tomwe tija. Mnzake wosewera naye anali wamfupi, wochenjera. Sipanatenge nthawi kuti aone pomwe pali chilema. Anayamba kuponya mipira yaifupi pafupi ndi ukonde, kenako yakutali m'mbali, kuti mlendo wanga azitambasula miyendo. Akati atambasule, nsalu yanga inkamugwira m'mawondo ngati chingwe cha mbuzi. Anayesa kuipindira m'chiuno, koma ikathamanga naye pang'ono inkatsikanso. Mipira yomwe ankaifikira anaimenya mwamphamvu moti anthu ankachita kuwomba m'manja. Yambiri ankaiphonya ndi kadanga kochepa, kosakwana chikhatho.

Mwana wanga, yemwe anakhala pambali panga, anangoyang'ana pansi. Kukanakhala bwino akanandinyoza.

Mlendo wanga anagonja. Mwina akanagonjabe, mnzake uja sanali wamasewera. Mawu amenewa ndadziuza kambirimbiri, ndipo sanandikhutitsepo. M'basi pobwerera ndinkafuna kupepesa, koma sindinatero. Kwathu munthu wamkulu sapepesa mwana, amangomuwonjezera ndiwo. Ndinangoti, "Ndi mmene Mulungu anakonzera, mwanangu," mwana wanga n'kutanthauzira monyinyirika. Mlendoyo anagwedeza mutu akuyang'ana pawindo. Madzulo ndinamuphikira nkhuku yathunthu, ndipo anadya kachidutswa kamodzi kuti asandikhumudwitse.

Lolemba ndinamuperekeza kubwalo la ndege. Anandikumbatira mwamphamvu ndi mkono wake wamanja uja. Pa Khirisimasi kunabwera khadi yokhala ndi chithunzi cha chipale chofewa. Analemba kuti wasiya mipikisano, tsopano akuthandiza kuphunzitsa ana. Pansi anaika mawu omwe aja, Thank you, Mama. Ndinayamba kumuyankha katatu, koma pofika pa mawu opepesa ndinkang'amba pepala. Kenako tinasamukira kudera lina, ku Scarborough, envulopu ya adiresi n'kutayika m'makatoni.

Koma chomwe chimandipweteka kwambiri si khadiyo. Ndi chimene ndinapeza Lolemba lomwelo nditabwerera kunyumba. Pochotsa zofunda pabedi lake, ndinapeza siketi yachiwiri ija itapindidwa bwinobwino pansi pa pilo. Pamsoko wanga panali pomasuka, kutalika ngati chala chimodzi. Apa ndi pomwe ankalimbana napo m'bafa muja, ndi kasizasi kake kowengera zikhadabo, ine ndikugogoda. Akanafuna akanangodula nsalu yonseyo kamodzi n'kamodzi, n'kutuluka ali womasuka. Iye ankatola ulusi umodziumodzi, kuti asawononge nsalu ya Mama.

Siketiyo ndikadali nayo m'sutikesi. Msoko wotsalawo sunasunthe mpaka lero.