Majini a mwana wanga

Mwana wanga wamkazi, woyamba kubadwa, atapita ku Blantyre kukaphunzira za sayansi, ndinamufunsa pa foni kuti kwenikweni akuchita chiyani kumeneko. Anati, “Amayi, ndikufufuza majini a tizilombo ta m'kamwa.”

Ine ndi pakamwa pangapa! M'mawa mwake ndinakazilengeza monyadira pa sikelo pamene timayezetsa tiyi. Pofika madzulo komboni yonse inali itamva kuti mwana wanga akuweta majini, mizimu ija yogwetsa anthu. Amayi ena a kwaya yathu, amene ndinkathyola nawo mzere umodzi, ndiwo anaiyendetsa nkhaniyo, mpaka anasiya kundipatsa moni. Zinandiwawa kwambiri. Mwanayo ndinamuphunzitsa ndi dengu kumsana, m'mame a ku Thyolo kuno, ndiye dzina lake lizidetsedwa chonchi?

Atabwera pa holide ndinamukokera ku sikelo komweko. Ndinati, “Uwauze wekha, ine ndatopa.”

Sanachite manyazi. Anafotokoza kuti majini akewo si mizimu ayi, ndi malangizo obadwa nawo amene ali m'chamoyo chilichonse, ngakhale mu tiyi timathyolayu. Tizilombo ta m'kamwa tikachulukana timadzutsa ena mwa malangizowo, n'kumatirira pa mano pamodzi ngati ndere pa miyala ya mumtsinje. Nderezo zikakhalitsa nkhama zimatupa, magazi n'kumatuluka. Ndicho chiseyeye chimene chimatigwedeza mano.

Akapitawo athu anafunsa, “Ndiye magazi akamatuluka tizisiya kutsuka eti?”

“Ayi bambo, m'pamene muyenera kutsuka bwinobwino, mofatsa, mpaka m'mphepete mwa nkhama. Zikapitirira pitani kuchipatala, ine si dokotala.”

Anthu anaombera m'manja. Amayi a kwaya aja anaika dzanja pakamwa. Ndipamene ndinakumbukira kuti zaka zonsezi amaseka ataphimba pakamwa.

Lamlungu lake, titatuluka m'tchalitchi, amayiwo anandiimitsa pakhomo, maso pansi.

“Anzanga, mwadzuka bwanji? Kodi adokotala athu aja akubwerera liti ku Blantyre? Ndimati mwina andioneko m'kamwamu.”

Adokotala athu! Mtima wanga unavina. Ndinkadziwa kuti mwanayo akangowauza zopita kuchipatala pa Boma, koma sindinawakonze. Ndinakonza duku langa kaye, mosafulumira.

Ndinati, “Bwerani masana ano. Majiniwo muwapeza kunyumba, tiwaphikira limodzi tiyi.”