Kalasi ya m'shedi ya mpunga

Chaka chimene sukulu inakhala yaulere, ana anasefukira. Ine ndinali nditangoyamba uphunzitsi pasukulu ina kufupi ndi Lifuwu, ndipo a hedi anandipatsa Sitandade 2. Makalasi anachepa, choncho anatiika m'shedi yakale momwe alimi ankasungiramo mpunga. Inali ya njerwa, denga la malata lofupika, khomo limodzi, yopanda windo.

Pofika Okutobala malata aja ankachita kulira ndi dzuwa. Ana ankakhala pansi mothithikana, thukuta lili kamukamu. Tsiku lina ndikulemba pabolodi ndinamva phokoso kumbuyo. Kamtsikana kena, komwe bambo ake anali ku Mbenji kokapha nsomba, kanali katakomoka. Ndinakanyamula, ndipo kuti ndifike pakhomo ndinachita kuponda miyendo ya anzake. Kanatsitsimuka titakathira madzi pansi pa mtengo wa mango. Ndinkangoganiza kuti kakanapanda kudzuka, amayi ake ndikanawauza chiyani.

Komiti ya sukulu inaitanitsa msonkhano. Mpingo wina unalonjeza kutithandiza, koma pa ntchito imodzi yokha, ndiye tinayenera kusankha. Ena ankati tichotse malata tifolere udzu. Ena ankati tiike siling'i ya mabango ndi kusiya timabowo ta mpweya pamwamba pa khoma. Atcheya a komiti ankafuna tiboole khoma tiike mawindo akuluakulu a galasi, ngati sukulu za kuboma.

Atcheyawa kale anali akuluakulu a chipani m'deralo, ndipo ndiwo ankaimitsa anthu pamsika kuwafunsa makhadi a chipani. Nthawi ija inali itatha, tinali titavota, komabe iwo akangotsokomola anthu ankakhala chete.

A hedi anabweretsa mbale zitatu ndi chimanga chotonola. Mbale iliyonse inkaimira njira imodzi.

"Tisafunse kuti yabwino ndi iti," anatero. "Tizifunsa chimodzichimodzi. Yoziziritsa ndi iti? Nanga moto? Nanga chiswe ndi mileme? Nanga ikawonongeka, tingakonze tokha? Pa funso lililonse, aliyense aponye njere yake."

Pa kuzizira, udzu unapambana. Pa moto, mbale ya udzu inakhala yopanda kanthu. Koma ndinaona kuti anthu ambiri ankayamba ayang'ana kumene lapita dzanja la atcheya, ndipo mbale ya mawindo inkadzaza.

Kenako a hedi anafunsa za kulimba kwa nyumba ikawomba mphepo. Kuseri kwa bolodi kunali mng'alu wochokera kudenga mpaka pansi, ndipo m'mawa uliwonse ndinkasesa fumbi la njerwa pamenepo. Ndinaimirira.

"Pepani akuluakulu, khoma lija ndi long'aluka. Ndikuopa kuti tikaliboola ligwera ana."

Atcheya anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Aphunzitsi, inu mwabwera liti kuno?"

"Ndabwera kumene, bambo. Koma ndine ndimakhalamo ndi anawo."

Mayi wina wogulitsa usipa, yemwe ana ake awiri anali m'kalasi langa, ananyamuka n'kunena kuti akufuna akaone yekha. Anthu anamutsatira. Titachotsa bolodi, mayiyo analowetsa dzanja lake mumng'alumo mpaka linabisika. Mmisiri amene komiti inamuitana kudzagwira ntchitoyo anati khomalo akhoza kulimata ndi kuliikira mzati kunja, koma za mawindo akuluakulu sangalonjeze.

Titabwerera ku mbale, njere zinapita ku mabango. Atcheya anachoka osatsazika.

Masabata otsatira sindinkapeza mtendere. Galimoto ikaima kumsewu ndinkasiya choko n'kumvetsera. Ndinakulira m'masiku amene munthu woyankha wamkulu pagulu ankadzatengedwa, ndipo thupi langa linali lisanaiwale. Koma palibe anabwera. Makolo anadula mabango kudambo, mmisiri anamata khoma lija n'kumanga siling'i, ndipo m'kalasi munayamba kupita kamphepo. Palibenso mwana anakomoka.

Mu Januwale, masana ena, kunyanja kunada bii. Chimphepo chinafika mvula isanayambe. Denga linkanyamuka n'kubwerera, fumbi likugwa kuchokera m'mabango, ana akulira. Kuwatulutsa ndinkaopa malata owuluka, kuwasunga ndinkaopa khoma. Ndinawakankhira onse mbali ya kukhomo, kutali ndi bolodi, n'kuyambitsa nyimbo yowerengera manambala. Mawu anga ankatuluka ngati a munthu wina. Maso anga sanachoke pamalo omata paja mpaka mphepo inaleka.

Khoma silinagwe. Lata limodzi lokha ndilo linakanganuka.

M'mawa mwake ndinapeza atcheya ali kale pashedipo ndi makwerero, waya ndi misomali. Ndinawapatsa moni nditagwada, iwo anayankha osandiyang'ana.

"Aphunzitsi, tandigwirirani makwerero. Anawo adikire kaye kutali."

Ndinagwira, iwo anakwera.